Anandigulitsa bakkie yowonongeka injini ku Joni, koma ndalama zanga zinabwerera

Amalawi ambiri amene tili kuno ku Joni, galimoto yathu yoyamba imakhala yoti ena anayendapo kale. Timalowa m'mayadi ogulitsira magalimoto tikukhulupirira kuti ukangosaina n'kutuluka pageti, chilichonse chimene chichitike ndi chako. Ogulitsa ena amadziwa zimenezi, ndipo amadziwanso kuti mlendo sakonda kuponda ku maofesi poopa kufunsidwa zambiri, ndiye amatidyera masuku pamutu. Komatu South Africa ili ndi lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act, nambala 68 la chaka cha 2008, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2011. Lamuloli silifunsa ngati wogulayo anabadwira ku Soweto kapena ku Mangochi. Ine linandibwezera ndalama zimene ndinali nditaziwerengera kale kuti zapita.

Ntchito yanga ndi yoika matailosi m'nyumba za anthu. Popanda galimoto ntchito imeneyi ndi yowawa, chifukwa makina odulira, mabaketi ndi matumba a simenti yomatira sungakwere nazo taxi, ndipo phindu lonse limathera kwa amene wamuchita hayala. Nditalandira ndalama za chipereganyu n'kuphatikiza ndi zomwe ndinkasunga, ndinapita kumbali ya Jules Street, msewu umene aliyense wofuna galimoto yakale kuno amaudziwa. Pa yadi ina ndinapeza bakkie (galimoto ya pikapu) yoyera, yooneka yosamalika, ya R85 000. Tinaiyesa pozungulira pafupi pomwepo, injini ikulira bwinobwino. Ndinalipira kudzera ku banki, anandipatsa invoice ya dzina langa, ndipo ndinasaina pepala la mgwirizano. Cha m'munsi mwa pepalalo munali mawu akuti voetstoots, kutanthauza kuti ndaigula mmene ilili.

Mwezi wachiwiri usanathe, ndikupita ku ntchito ku Germiston kudzera pa M2 nditanyamula katundu, singano yoonetsa kutentha kwa injini inakwera mpaka pofiira. Ndinaima pambali n'kudikira kuti izizire. Madzi mu radiator anali atatheratu, koma pansi panalibe pamene pakudontha. Ndinathiramo ena n'kubwerera pang'onopang'ono ku Rosettenville kumene ndimakhala. M'mawa mwake poliza, kumbuyo kunatuluka utsi woyera wambiri, ndipo nditatsegula chotsekera cha oyilo ndinapeza pansi pake pali zoyera zonanda ngati chambiko. Amene amadziwa za injini akudziwa kale tanthauzo lake: madzi akulowa mu oyilo, head gasket (chomatira chimene chimatseka pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake) yapsa kapena head yeniyeniyo, mutu wa injiniwo, yang'aluka.

Mnzanga wina wa kwathu amene amakonza magalimoto ku Turffontein anandiuza mwachikondi kuti, "Achimwene, ibweretseni Loweruka titsegule head tione, ndikuchitirani mtengo wachibale." Ndinali wokonzeka kutero. Amene anandiletsa ndi alamu anga, omwe agwira ntchito zaka zambiri pa galaja ina yaikulu yokonza magalimoto a ngozi. Anabwera madzulo, anayang'ana chotsekera chija, n'kunena kuti, "Alamu, musalole munthu aliyense kumasula ngakhale bawuti imodzi. Mukangoitsegulitsa kwina, wa yadi uja adzati mwaiwononga ndinu, ndipo nkhani idzathera pomwepo. Ijambuleni mmene ilili, muiimike, mubwerere kumene munagula." Malangizo amenewa ndiwo anapulumutsa mlandu wanga wonse, chifukwa lamulo limanena kuti chitetezo chake sichikhudza katundu amene wasinthidwa atachoka kale m'manja mwa wogulitsa. Makaniko wathu akhoza kukhala waluso kuposa wa ku yadi, koma miyezi yoyambirirayi si nthawi yake.

Ku yadi anandilandira mosiyana kwambiri ndi tsiku logula. Bwanayo anatulutsa pepala lija, anaika chala pa mawu a voetstoots, n'kunena kuti galimoto yakale ilibe chitsimikizo chilichonse. Nditaumirira, anandiyang'ana n'kufunsa ngati permit yanga, chilolezo changa chokhalira m'dziko muno, ili bwino. Funso limenelo linandilasa mtima, chifukwa silinkakhudzana ndi injini mpang'ono pomwe. Cholinga chake chinali choti ndichite mantha ndichoke. Ndinachokadi tsiku limenelo, koma ndinachoka ndisanavomere kanthu komanso ndisanasaine pepala lina lililonse.

Usiku umenewo ine ndi alamu tinatsegula lamulolo pa foni n'kuliwerenga limodzi. Ndime 55 imati wogula aliyense ali ndi ufulu wolandira katundu wabwino, wogwira ntchito imene anapangidwira, wopanda chilema, komanso wokhalitsa kwa nthawi yoyenera. Ndime 56 ndiyo yokhala ndi mano. Imati katundu akalephera kukwaniritsa zimenezi m'miyezi 6 kuchokera tsiku limene wogula anamulandira, wogulayo akhoza kumubweza popanda chindapusa, ndipo mtengo wobwezera ndi wa wogulitsa. Kenako pali njira zitatu: kukonza, kusinthitsa ndi wina, kapena kubweza ndalama. Wosankha pa njira zitatuzi ndi wogula, osati wogulitsa. Mfundo imeneyi muigwire bwino, chifukwa ku yadi adzakuuzani kuti iwo amangokonza basi, ngati kuti ndi chifundo chawo. Chitsimikizo cha miyezi 6 chimenechi sichigulidwa ndipo sichichita kulembedwa pa mgwirizano. Chimabwera chokha ndi lamulo, pa galimoto yatsopano ngakhalenso yakale, bola ngati wogulitsayo ntchito yake ndi yogulitsa magalimoto.

Nanga voetstoots uja? Munthu wa bizinesi sangabisale kumbuyo kwa liwu limodzi limenelo. Chimene lamulo limamulola ndi kukuuzani momveka bwino vuto limene galimotoyo ili nalo, mwachitsanzo kuti gearbox ikulira kapena injini ikudya oyilo, inu n'kuvomera kuigula choncho. Zikatero simungadzabwerenso kudzadandaula za vuto lomwelo. Pa pepala langa panalibe pamene analemba kuti injini ikutentha kapena ikumwa madzi. N'chifukwa chake musanasaine muziwerenga mndandanda wa zolakwika umene ena amamata kumbuyo kwa mgwirizano. Pali mayadi amene amalembapo pafupifupi chiwalo chilichonse cha galimoto kuti adziteteze. Mukaona pepala lotero, galimotoyo isiyeni.

Pali malire amene ndiyenera kuwanena, kuti wina asapite kukakangana pa zinthu zosamuthandiza. Galimoto ya zaka khumi siyerekezedwa ndi yatsopano. Matayala kutha, mabuleki kufuna mapadi atsopano, batire kufooka, zimenezi zimatengedwa kuti ndi kutha kwa masiku onse. Mu 2021 khoti la Supreme Court of Appeal linagamula pa mlandu wina wa galimoto kuti si kavuto kalikonse kamene kamapatsa wogula ufulu wobwezeredwa ndalama, vutolo liyenera kukhala lalikulu ndithu. Injini yosakaniza madzi ndi oyilo si kavuto kakang'ono.

Tinalemba kalata ya tsamba limodzi m'Chingerezi chosavuta. Munali dzina langa, tsiku logula, nambala ya galimoto, nambala ya VIN (yodindidwa pa thupi la galimoto), makilomita a tsiku logula ndi a tsiku lowonongeka, zimene zinachitika pa M2, ndi mawu akuti ndikuibweza galimotoyo motsatira ndime 56 ya Consumer Protection Act. Ndinaitumiza pa imelo ndi pa WhatsApp pamodzi ndi zithunzi za chotsekera chija, ndipo ina ndinakapereka pamanja n'kupempha mlembi wa pa yadipo kuti asaine pa kope langa. Kuyambira tsiku limenelo sindinakambiranenso nawo chilichonse pakamwa pokha. Akandiimbira foni, ndinkati tikangomaliza ndimawalembera uthenga wobwereza zimene tagwirizana. Zolankhula za pa geti zimakanidwa mawa lake, koma uthenga wokhala ndi tsiku ndi nthawi sukanika.

Atangoona nambala ya ndime ija, kalankhulidwe kawo kanasintha. Anatumiza galimoto yokoka pa mtengo wawo. Ine ndinasankha kuti akonze, chifukwa ndinali ndi ntchito zodikira ndipo ndinkafuna bakkie, osati kuyambanso kusakasaka. Poipereka ndinajambula makilomita, mlingo wa mafuta, tayala lapadera ndi jeke, ndipo ndinafuna pepala losonyeza kuti galimoto ili m'manja mwawo. Lamulo lomweli, pa ndime 65, limati katundu wanu akakhala m'manja mwa wa bizinesi, iye ayenera kumusamalira ndipo akatayika kapena kuwonongeka ndi mlandu wake.

Anaibweza akunena kuti asintha gasket. Inayenda bwino kwa kanthawi, kenako singano ija inayambanso kukwera pa mtunda wa ku Southgate, utsi woyera uja n'kubwereranso. Apa ndi pamene ndinaona kuti amene analemba lamuloli ankawadziwa bwino ogulitsa. Ndime 56 yomweyo imapitiriza kuti wogulitsa akakonza, ndiye vutolo n'kubwereranso kapena lina n'kutulukira m'miyezi 3, palibenso zokonza kachiwiri: ayenera kusinthitsa katunduyo kapena kubweza ndalama. Ndinalemba kalata yachiwiri yofuna ndalama zanga. Anakana, ati ndimainyamulitsa katundu wopyola muyezo.

Ndinapita nayo nkhaniyi kwa Motor Industry Ombudsman of South Africa, ambiri amangoti MIOSA, ofesi ya ku Pretoria imene inavomerezedwa ndi boma kuti iziweruza madandaulo a pakati pa ogula ndi a bizinesi ya magalimoto. Kuyambira mu 2015 pali malamulo a kachitidwe ka bizinesi imeneyi amene amamanga ogulitsa ndi okonza magalimoto onse, kaya ndi kampani yaikulu kaya kayadi ka pa kona. Wogula salipira kanthu podandaula. Ndinalemba fomu yawo pa intaneti n'kutumiza kope la pasipoti, invoice, mgwirizano, umboni wa ku banki, makalata onse awiri, mauthenga a pa WhatsApp ndi pepala la ntchito imene anati anagwira pa injini. Ndinawonjezerapo lipoti la katswiri woima payekha, amene ndinamulipira ndekha kuti ayese injiniyo popanda kuimasula. Iye anapeza kuti mpweya wa mu silinda ukulowa m'madzi oziziritsa injini, ndipo analemba kuti vutolo silinakonzedwe.

Kudikira kunali kowawa. Panapita miyezi bakkie itangoima pabwalo, ine ndikulipiranso hayala ngati kale, kunyumba ku Malawi akufunsa za ndalama ya feteleza. Anzanga ena ankandiuza kuti ndingoigulitsa kwa wina mwakachetechete ndipezeko kenakake. Sindinafune kutero, chifukwa wogulayo akanakhala Mmalawi mnzanga kapena munthu wina wovutika ngati ine ndemwe, ndipo vuto langa ndikanangolisamutsira pakhomo pake. Ndinkalembera ofesiyo kufunsa pamene nkhani yafika, nthawi zonse ndikutchula nambala ya dandaulo imene anandipatsa.

Pomaliza MIOSA inalemba kuti wogulitsa atenge galimoto yake ndi kundibwezera ndalama, atachotsapo kagawo ka makilomita amene ndinayenda nayo. Kuchotsako kunandipweteka, poganizira ndalama za hayala ndi za katswiri uja zomwe palibe anandibwezera, koma gawo lalikulu la R85 000 linalowa mu akaunti yanga. Dziwani kuti zimene MIOSA yalemba si chigamulo cha khoti. Wogulitsa akazinyalanyaza, nkhani imapita ku National Consumer Commission, ndipo kuchoka kumeneko ikhoza kufika ku National Consumer Tribunal, yomwe ili ndi mphamvu yolipiritsa wa bizinesi chindapusa chofika R1 miliyoni kapena 10 peresenti ya ndalama zimene amapeza pa chaka. Boma la Gauteng nalonso lili ndi ofesi yake yoona za ogula komanso khoti la ogula. Dandaulo liyenera kuperekedwa zaka 3 zisanathe, koma musadalire zaka zimenezo. Chofunika kwambiri n'chakuti kalata yanu yoyamba ifike kwa wogulitsa miyezi 6 ija isanakwane.

Tsopano pali malo amene lamulo limeneli silifika, ndipo ndi kumene abale athu ambiri amagwera. Mukagula kwa munthu wamba, wa pa Facebook kapena mnzanu wa ku tchalitchi amene akungogulitsa galimoto yake, Consumer Protection Act sikukhudzani, ndipo voetstoots amagwira ntchito. Mungapambane pokhapokha mutasonyeza kuti wogulitsayo ankalidziwa vutolo n'kulibisa dala, chinthu chovuta kuchitira umboni. Magalimoto a pa okushoni nawonso alibe chitsimikizo cha miyezi 6 chija. Chenjeraninso ndi mayadi amene amati galimoto ndi ya kasitomala wawo, iwo akungothandiza kugulitsa, n'kukupatsani pepala lolembedwa pamanja la dzina la munthu amene simunamuonepo. Funani invoice ya dzina la yadiyo, ndipo lipirani kudzera ku banki, mu akaunti ya bizinesiyo. Pa mikangano ya ndalama zochepa pali Small Claims Court, yomwe malire ake anakwezedwa kufika pa R20 000 mu 2019, ndipo kumeneko sikufunika loya.

Nkhani ya mapepala a galimoto ndiyo imandidetsa nkhawa kwambiri pakati pathu. Ndikudziwa anthu angapo amene analipira galimoto ndi thukuta lawo koma inalembetsedwa m'dzina la bwana wawo, la chibwenzi, kapena la mnzawo wokhala ndi ID ya kuno, poganiza kuti mlendo sangalembetse galimoto. Mlendo amalembetsa. Amapita ku ofesi ya malaisensi, monga ya ku Langlaagte, ndi pasipoti, permit ndi umboni wa kumene amakhala, n'kupempha Traffic Register Number, yomwe imaima m'malo mwa nambala ya ID pa nkhani zonse za galimoto. Galimoto ikakhala m'dzina la wina, pamaso pa ofesi iliyonse ndi ya winayo. Akamwalira, achibale ake akhoza kuiwerengera pa chuma cha masiye. Akakhala ndi ngongole, ikhoza kulandidwa. Mukayambana, mudzayamba ndi kutsimikizira kuti ndi yanu musanakambe china chilichonse. Ngakhale podandaula kwa wogulitsa, amene dzina lake lili pa invoice ndiye amamvedwa.

Musanapereke ndalama, gwirani m'manja satifiketi yeniyeni ya galimotoyo, osati fotokope. Onani dzina la titleholder, kutanthauza mwini wake wa galimotoyo mwalamulo. Ngati pali dzina la banki, galimotoyo ikadali pa ngongole ndipo mwini wake weniweni ndi bankiyo. Yerekezani nambala ya VIN, ya zilembo ndi manambala 17, pa satifiketi, pa disiki ya pa galasi ndi pa thupi la galimoto, komanso nambala ya injini. Onani ngati yalembedwa kuti used kapena built-up. Built-up, imene anthu amati code 3, ndi galimoto imene inawonongekeratu n'kumangidwanso, mtengo wake uyenera kutsika kwambiri ndipo a inshuwalansi ena saifuna. Kusintha umwini kuyenera kuchitika m'masiku 21: wogulitsa amapereka fomu yachikasu ya NCO, wogula amalemba fomu ya buluu ya RLV, ndipo pamafunika satifiketi ya roadworthy yomwe imagwira ntchito masiku 60 okha. Roadworthy imangoona ngati galimoto ili yotetezeka pa msewu, mabuleki, magetsi, matayala ndi zina zotero. Bakkie yanga ija inali nayo, injini ili yodwala.

Ku galaja nakonso tili ndi ufulu umene sitiugwiritsa ntchito. Ndime 15 imati wokonza akupatseni mtengo asanayambe ntchito, ndipo sangakulipiritseni zoposa pamenepo musanavomere. Ndime 57 imapereka chitsimikizo cha miyezi 3 pa sipeya aliyense watsopano kapena wokonzedwanso amene wamangidwa, pamodzi ndi ntchito yomangayo. Ndime 67 imati masipeya akale amene achotsa ndi anu, akubwezereni. Ine ndimawafuna nthawi zonse, ndipo ndimanena poyambirira pomwe. Tsiku lina ku galaja anandipatsa katoni muli water pump yakale, ndinaitembenuza n'kuona kuti mapiko ake adyekadi, ndipo ndinalipira mtima uli m'malo. Kwa amene ali ndi magalimoto atsopano, kuyambira pa 1 July 2021 malangizo a Competition Commission amalola kuchititsa sevisi ku galaja yoima payokha popanda kutaya warranty yonse, bola ntchitoyo ilembedwe bwino m'buku la sevisi ndipo malisiti asungidwe.

Kwa amene munagula pa ngongole ya banki, lamulo lanu lina ndi National Credit Act ya 2005. Mukalephera kulipira, banki iyenera kuyamba yakutumizirani kalata ya ndime 129, yokudziwitsani za ngongoleyo ndi njira zopezera thandizo, kenako ipite ku khoti. Wololedwa kudzatenga galimoto mokakamiza ndi sheriff yekha, mtumiki wa khoti, atanyamula chikalata cha khoti. Anthu otolera ngongole amene amabwera pa geti kapena ku ntchito kwanu alibe mphamvu imeneyo, ndipo pepala limene amakupatsani kuti musaine kawirikawiri limakhala lonena kuti mwaipereka galimotoyo mwa kufuna kwanu. Mukasaina, banki imaigulitsa, ndipo ndalama zikapanda kukwana ngongole yonse, yotsalayo mudzalipirabe ndinu.